Amuna Anga ndi Madontho a Adona

Chinayamba ndi kuyasamula. Inali nyengo yotentha mvula isanagwe, chaka chimene bwana wa esiteti yathu anagula galimoto. Amuna anga, a Mukhova, anadzuka m'mawa wina akungoyasamula ngati munthu wochezera gule, misozi ili chuchuchu, mamina osaleka. Ine ndinati ndi chimfine, ngakhale kuti chimfine cha mu Okutobala chinandidabwitsa. Ndinawiritsa masamba a bulugama kuti adzifukize. Pofika masana thupi lonse linali tsemwe, dzuwa likuswa mtengo koma iwo akulirira bulangete. Tsiku lotsatira m'mimba munatseguka, anayamba kusanza, ndipo miyendo inkangopalasa yokha pamphasa mwini wake osaituma. Ankati mafupa akuwatafuna m'kati.

Dzina langa ndine Elube, ambiri amanditchula kuti mayi a Dolika. Makolo anga anawoloka Ruo kuchokera kwa Apwitikizi ine ndili kumbuyo, n'kudzamanga pa malo a mzungu cha ku Masambanjati kuno, kumene pokhala timalipira ndi thangata. Nkhani iyi ndimaikamba kawirikawiri kwa anthu odikirira odwala kuseri kwa chipatala cha mishoni, chifukwa adiresa, amene amathandizira dokotala pachipatalapo, anandipempha kutero. Ndimaikamba mmene inachitikira. Amene akufuna kumva mayi akulapa apite kwina, kuno alakwitsa khomo.

A Mukhova anali a machila. Ana a lero mwina simukudziwa. Machila anali nsalu yolimba yomangirira ku nsungwi yaikulu, mzungu n'kugona m'menemo, amuna n'kumamunyamula pamapewa akuthamanga ndi nyimbo. Ankalandirana nsungwiyo ali chithamangire, chifukwa chinthu chimene bwana wathu ankadana nacho kwambiri ndi kuima panjira. Tsono amuna anga anabwerako ku nkhondo ya Ajeremani, kumene anali amtengatenga onyamula katundu wa asilikali, ndi kamwazi wosamva mankhwala. Ankatha, n'kudzayambiranso. Ulendo wina wotsikira ku Thekerani anaimitsa machila kangapo kuti athamangire kutchire, bwana n'kufika kunyumba atafiira ngati tsabola. Kuwachotsa ntchito sanafune, pakuti a Mukhova ndiwo anali ndi phewa komanso mawu otsogolera nyimbo. Ndiye adona, mkazi wa bwanayo, anapeza nzeru. Anatulutsa kabotolo m'bokosi lawo la mankhwala, n'kudontheza madontho akuda m'kapu ya madzi.

Mankhwala amenewo ankagwira ntchito, bodza ayi. M'mimba munkatsekeka, phewa linkaleka kuwawa, munthu n'kukwera chitunda chonse akuimba. Mnzawo amene ankagwira kumbuyo kwa nsungwi, a Pensulo, anali ndi bondo lovuta, nawonso anayamba kupatsidwa. Poyamba ankamwa tsiku la ulendo lokha. Koma bwana anali woyendayenda, ndipo zaka zitapita zinangokhala kuti m'mawa uliwonse awiriwa ankaima pakhomo la khitchini, khukhi n'kuwadonthezera. Madonthowo ankachuluka chaka ndi chaka, chifukwa ochepa sankamvekanso m'thupi. Ine wopusane ndinanyamula mazira kukathokoza adona. Mazira amenewo amandiwawa mpaka lero.

Galimoto itabwera, a machila onse anawatumiza kukazula zitsa ndi kukumba maenje a mbande za tiyi. A Mukhova atapita kukhitchini monga mwa masiku onse, khukhi anawauza kuti adona ati mankhwala anali a ulendo, ndipo maulendo atha. Kuyasamula kuja kunayamba m'mawa mwake. Ine zinthu ziwirizi sindinazilumikize. Ndinathamanga kwa asing'anga, ndinafukiza, ndinapemphera, osadziwa kuti matenda ali pakhomo la khitchini.

Amene ananditsegula maso ndi a Pensulo. Anafika masana ena akuyenda bwinobwino, pamene dzana lake anali gone ngati amuna anga. Anatulutsa kabotolo konga ka adona, n'kunena kuti akagula kwa Che Sumaili, Msilamu amene ali ndi kasitolo ndi ngolo ya ng'ombe pa Masambanjati. Anadontheza m'chikho. Ndisanamalize n'kutsuka mbale komwe, munthu amene ndinkamulira kuti akufa anakhala tsonga n'kufunsa ngati kwatsala chinangwa. Sindinasangalale. Ndinachita mantha, chifukwa matenda othawa msanga choncho ndiye kuti sanapite patali.

Kuyambira pamenepo mwini nyumba anali botolo. Nkhuku zinapita kwa Che Sumaili, mbuzi inatsatira, jekete la kunkhondo nalonso. Kundimenya sanandimenyepo, ndiwateteze pamenepo. Ankangokhala phee, kusinza nkhani ili m'kamwa, mwana wa diso atachepa ngati njere ya mawere. Chakudya sichinkalowa, kuchimbudzi ankatha nthawi yaitali osapita, ndipo phewa lija linayamba kuonekera mafupa. Komabe ku ntchito ankapita, tikiti yowerengera masiku a ntchito inkalembedwa, kapitao analibe nafe chifukwa.

Kenaka Boma linaletsa kugulitsa mankhwalawo m'masitolo. Che Sumaili anawachotsa pa shelefu. Kumpingo anthu anayamika, nanenso ndinayamika nawo, ndinkati basi tapuma. Ha! Mabotolo sanathe, anangosamuka. Anayamba kuchokera kwa antchito a m'nyumba za azungu amene ankapungula m'mabokosi a mabwana awo, ena ankabwera ndi anthu a kunjanji. Wopungulayo ankadzazamo chimene wapeza, kaya tiyi wozizira, kaya kachasu, kaya madzi a mizu yosadziwika. Botolo la lero linkakhala madzi enieni, munthu n'kumwa theka lonse osamva kanthu. La mawa n'kukhala laukali. Tsiku lina masana ndinawapeza kumunda atagwa pakati pa mizere ya nandolo, milomo itatuwa, akupuma patalipatali. Ndinawamenya makofi ndi kuwathira madzi mpaka anatsegula maso. Ndi tsiku lokhalo limene ndinamenyapo amuna anga, ndipo sindinapepese.

Apa ndiye panalowa achimwene anga, a Yohane. Iwo ndiwo mwini mbumba yathu, komanso ndi mkulu wa mpingo. Si munthu woipa, ndinene chilungamo. Dolika atadwala chikuku anamubereka okha mpaka kuchipatala. Koma ndi munthu amene akaona chinthu chagwira ntchito kamodzi, amati chigwira paliponse. Anali atathandizapo amuna ena omwa kachasu powamangirira ku mzati m'nyumba, kuwapatsa phala ndi mapemphero mpaka ludzu litatha. Ndiye anati madontho nawonso ndi chimodzimodzi.

Anayamba ndi a Pensulo, chifukwa akazi awo anavomera msanga. Kulira kwawo kunkamveka mpaka kuchitsime. Koma a Pensulo analibe kamwazi, thupi linapirira, ndipo anawamasula atawonda koma maso ali gwa. Lamulungu lotsatira anaimirira kutsogolo m'tchalitchi, amayi n'kuimba nthungululu. Ine ndinachita nsanje, ndinafunitsitsa akanakhala amuna anga. Sipanapite mwezi, anthu otsirira mbande anawapeza masana pamthunzi wa nazale atagona chagada, atazizira kale. Kabotolo kanali pambali, ndipo kanali kadakali kodzaza ndithu. Anangomwa muyeso wawo wakale, umene ankamwa m'mawa uliwonse n'kupita nawo kukazula zitsa.

Pamaliro achimwene anati Satana anawabwerera chifukwa anamasulidwa msanga. Ine mtima unakana. Maliro atatha, tsiku lina ndili kothyola tiyi, iwo ndi akulu anzawo analowa m'nyumba mwanga n'kumangirira amuna anga ku mzati. Mkamwini alibe mawu pamudzi pa eni, ndipo a Mukhova, ndi manyazi amene anali nawo, anangopereka manja okha. Nditaweruka ndinapeza zatheka, achimwene atakhala pakhomo ngati mlonda. Anandiuza kuti ndizikagona kwa mayi anga aang'ono, kuti chifundo changa chingaononge ntchito.

Ndinamvera. Ndinkangoperekera phala pakhomo, n'kumamva kubuula m'kati. Koma kubuulako kutayamba kuchepa, m'malo moti ndisangalale ndinachita mantha. M'mawa wina, kunja kuli chiperoni, ndinanyamuka ngati ndikupita ku ntchito, dengu kumsana, mpeni wodulira tiyi m'manja. Ndinakhotera kunyumba kwanga n'kukankha chitseko. Fungo lokha linandiuza. Kamwazi anali atabwerera ndi ukali wake wonse. Pansi panali magazi, maso atalowa m'kati, lilime louma, ndipo nditawaitana sanandizindikire.

Achimwene analowa pambuyo panga. "Elube, usakhudze chingwe chimenecho. Alamu atsala pang'ono kuwoloka."

"Kuwoloka kupita kuti, achimwene? Kumene apita a Pensulo?"

"A Pensulo tinawamasula msanga, ndiko kunali kulakwa kwathu. Awa akhala pomwepa mpaka chiwanda chituluke."

"Taonani pansipo. Chiwanda chimatuluka chofiira?"

"Ndakuuza. Ukadula chingwecho, udziwe kuti wadula ndi ine ndemwe, ndi mpingo womwe."

Ndinadula. Ndinatuluka kukafuna anthu onyamula, koma anzawo a machila aja anali kale kumaenje, ndipo kapitao anati ntchito siima chifukwa cha chidakwa. Munthu amene ananyamula mnzake zaka zonsezo anasowa womunyamula. Ndinawabereka ndekha ndi nsalu. Anali atapepuka moti ndinafika nawo kumsewu ndikungopumira pang'ono, miyendo yawo ikukhukhuluzika kumbuyo. Kumeneko Mulungu anatumiza ngolo, ndipo pa anthu onse a dziko lino anatumiza ya Che Sumaili. Mwini ngoloyo anatsitsa matumba ena a nandolo n'kutikonzera malo.

Tili m'njira Che Sumaili anayamba kulankhula. "Mayi a Dolika, lamulo ili litha anthu. Pamene ndinkagulitsa poyera, botolo linkabwera lomata, la lero lofanana ndi la mawa. Ndinkadziwa amene akumwa ndi mmene akumwera. Boma likanangotisiya, bambowa sakanafika pamenepa."

"Inu khalani chete, Che Sumaili," ndinatero. "Mbuzi yanga ili m'khola mwanu. Munkadziwa amene akumwa, eya, munkadziwanso kuti mawa abweranso."

Anangomenya ng'ombe. Anatifikitsa pakhonde penipeni pa chipatala ndipo sanafune kanthu. Ine ndinawayankha mokalipa, koma mawu awo ananditsalira m'mutu, chifukwa theka lake linali loona. Botolo lawo silinagwetsepo amuna anga m'munda milomo itatuwa. Kungoti wa sitolo sangafune kuti wogula asiye.

Amene anatilandira ndi adiresa, bambo wamfupi wosakonda kuseka. Anatsina khungu la pamimba, linangoima osabwerera. Anayang'ana m'maso, anayang'ana zilonda za chingwe m'mikono, koma za chingwezo sanafunse. Anafunsa kuti odwalawa amamwa chiyani, kuyambira liti, ndiponso anasiya liti. Ndinali nditatenga kabotolo kotha, ndinawapatsa. Ananunkhiza n'kunena kuti dzina lake ndi kolodaini, ndipo m'kati mwake muli opiyamu, mankhwala amene amagwira munthu kuposa mowa. Kenaka anatsegula kabati, anatulutsa botolo lawo, n'kuyamba kudontheza m'kapu. Madontho omwe aja, akuda omwe aja. Ndinawagwira mkono. Ndinati kodi ndabereka munthu mtunda wonsewu kuti mudzamupatse chomwe chamupha?

Iwo sanakwiye. Anati, "Mayi, bambowa akumenyedwa ndi anthu awiri, kamwazi ndi njala ya mankhwala. Onse awiri akuwatulutsa madzi m'thupi. Tikawasiya awiriwo, sabata ino simubwerera nawo. Tiyambe tagwira mmodzi, winayo timuchotsa pang'onopang'ono."

Ndinawauza za a Pensulo, kuti iwo anasiyiratu koma anafabe. Adiresa anapukusa mutu. Anati munthu akakhala nthawi osamwa, thupi limaiwala, ndipo muyeso umene kale ankamwa n'kupita nawo ku ntchito umasanduka wakupha. Anati aliyense wosiya ayenera kuuzidwa zimenezi asanatuluke pakhomo. Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira. Si Satana anapha a Pensulo. Panalibe wowauza, tonse tinatanganidwa ndi nthungululu.

Nkhani ya madonthowa sinayende mosalala ngakhale pachipatalapo. Asisitere achizungu amene ankayang'anira wodi sanagwirizane nazo. Adiresa anandiuza kuti asisiterewo akuti mishoni sinabwere kudzadyetsa anthu zilakolako, wofuna kuchira alimbe mtima. Anadikira dokotala, amene ankabwera masiku ena okha. Dokotalayo atawaona a Mukhova anagamula kuti madontho apitirire, koma botolo lizikhala lokiyidwa, woyeza akhale mmodzi, ndipo muyeso uzitsika. Asisitere anamvera, ngakhale nkhope inali yosakondwa. Ndiwayamike pa chimodzi, zilonda za chingwe zija ankatsuka ndi manja awo.

Moyo wa pachipatala ndi kudikira. M'mawa belu linkalira, odwala otha kuyenda n'kundanda pakhonde, osatha kuyenda n'kuwapeza pamphasa zawo. A Mukhova ankalandira jakisoni wa kamwazi, amene ankawafooketsa kwambiri, kenaka madontho m'mawa ndi madzulo. Chakudya chinali madzi a mpunga ndi phala lamadzimadzi, supuni ndi supuni. Ife odikirira tinkakhala kuseri m'chisakasa, kuphika pa mafuwa obwerekana, kutola nkhuni kumalire a munda wa mishoni, kuchapa nsalu zonyansa kumtsinje. Chiperoni chikagwa nsaluzo sizinkauma, tinkaziyanika pamoto n'kumanunkha utsi tonse. Magazi anayamba kuchepa, kenaka analeka. Tsiku limene anandiitana ndi dzina n'kudandaula kuti phala lilibe mchere, ndinadziwa kuti munthu wabwerera.

Kamwazi atagonja, inatsala nkhondo inayo. Adiresa ankachepetsa madontho, n'kudikira thupi lizolowere, n'kuchepetsanso. Nthawi ina anatsitsa mofulumira, kuyasamula kuja kunabwerera, tsemwe, miyendo kupalasa, tulo osabwera. Amuna anga amene sanandinyozepo chikwatirane anandiuza pamaso pa wodi yonse kuti ndine mfiti kuposa achimwene anga. Ndinawayankha kuti mfitiyo ndi imene inakuberekani kumsana, idyani phalali. Masana ena ndili kumtsinje anazemba, anakafika kumsewu, ndipo anabwerako dzuwa litapendeka mwana wa diso atachepa. Ndinayamba kumanga katundu, ndinkadziwa kuti atithamangitsa. Adiresa anangokhala pambali pawo n'kufunsa kuti, "Bambo, mwamwa wochuluka bwanji? Musandinamize. Sindikufuna kukuweruzani, ndikufuna ndidziwe kuti madzulo ano ndisakupheni." A Mukhova ananena zoona, akulira. Madzulo amenewo sanapatsidwe kanthu, adiresa ankangobwera kudzamvetsera kapumidwe kawo. M'mawa mwake anabwerera pa muyeso wa m'mbuyo pang'ono, ulendo n'kuyambiranso.

Tinalowa m'chipatala nthawi ya chisanu, ndipo mitambo ya mvula itayamba kusonkhana tinali tidakali komweko. Ndiye kunabwera uthenga wochokera kwa kapitao, kuti nyumba imene sikutulutsa munthu wa thangata igwetsedwa. Muyeso unali utatsika kwambiri koma usanathe. Adiresa ndi dokotala anakambirana, n'kundiitana kudzandiuza kuti atitulutsa. Anandipatsa kabotolo kosungunula kale ndi madzi, anandiphunzitsa kuyeza ndi kasupuni, n'kunena kuti sabata iliyonse ndizibwera nako kudzatenga kena, ndipo kalikonse kadzakhala kofooka kuposa kanzake. Izi anazinena a Mukhova akumva, panalibe chobisa. Anandichenjeza kuti botolo lisachoke m'thupi mwanga. Ndinkalimanga m'chiuno, kuthyola nalo tiyi, kugona nalo, kupita nalo ngakhale kutchalitchi.

Kutchalitchiko ndiye kunali mlandu. Lamulungu lina mapemphero atatha, akulu a mpingo anandiuza kuti nditsale. Achimwene ndiwo analankhula. Anati za chingwe akhululuka, koma mkazi wa mpingo sangamayende ndi chinthu choletsedwa ndi Boma m'chiuno, n'kumamwetsa mwamuna wake m'mawa ndi madzulo ngati wogulitsa mowa. Anati nditulutse botololo ndilikhuthulire pansi onse akuona, nkhani ithere pomwepo.

Ndinati, "Achimwene, inu ndi ine tinakulira kalongonda. Mayi ankamuphika bwanji? Ankawiritsa, kutaya madzi, kuthira ena, kuwiritsanso, tsiku lonse. Munawaonapo akutaya madzi kamodzi n'kunena kuti ululu watha, idyani? Mukanapenga nonse. Amuna anga ndikuwataya madzi, ndisiyeni ndimalize."

Ena anaseka, koma achimwene sanaseke. Anati, "Ukamupatsa pang'ono ndiye kuti wavomereza. Ana akuona. Mawa womwa kachasu adzabwera pano kuti nayenso tizimuyezera. Tidzamuyankha chiyani?"

Funso limenelo linali lolemera, ndipo sindinama kuti ndinaliyankha mwanzeru. Za kachasu ine sindine diresa. Ndinangoti, "Ngati kumuyezera kungamufikitse mawa ali moyo, muyezereni. Inu mukufuna munthu alape. Wakufa salapa, achimwene. A Pensulo munawamanga bwinobwino, lero akulapa kuti?"

Ndinadziwa kuti ndabaya pachilonda, chifukwa achimwene ankawakonda a Pensulo. Koma sindinabweze mawu, ndipo botolo sindinatulutse. Anagamula kuti ndisadyenso Mgonero mpaka nditaimirira pamaso pa mpingo n'kunena kuti ndinalakwa. Zinandiwawa, musaganize kuti ndine mwala. Ndinabatizidwa ndili mtsikana, ndipo kwaya ya amayi ndinkaitsogolera ndine. Ndinalira njira yonse, koma nditafika kunyumba ndinamasula m'chiuno n'kuyeza kasupuni ka madzulo.

Mvula yonse ya chaka chimenecho ndinayenda njira ya kuchipatala, matope mpaka m'maondo. Mankhwala ankayera sabata ndi sabata, kuchoka pakuda kufika pofiirira, mpaka anangotsala ngati madzi otsukira kapu ya tiyi. Panali masabata ena oipa pamene adiresa ankaima osatsitsa, ndipo ine ndinkapsa mtima kuti tikuchedwa. Iwo ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha. Chimanga chitayamba kucha, m'mawa wina a Mukhova anatenga chikwanje kupita kukadula nsungwi osafunsa kasupuni. Ine sindinawakumbutse. Madzulo anafunsa, ndinawapatsa. Zinayenda choncho, kuiwala ndi kukumbuka, mpaka tsiku lina anandiuza okha kuti kabotoloko ndikabweze kwa eni ake.

Papita zaka tsopano. Sindinganene kuti ali ngati kale. Phewa lakumanja linatsika, zolemera sanyamula, ndipo ntchito yawo ndi kuluka madengu othyolera tiyi, imene kapitao amaiwerengera ngati thangata. Kamwazi amabwerabe nthawi ya mvula, koma tikangoona chizindikiro timanyamuka tsiku lomwelo, ndipo iwo eni amauza aliyense wowalandira mbiri yawo yonse asanawapatse mankhwala. Chilakolako sichinafe. Amandiuza poyera kuti masiku ena, makamaka kukazizira, pakhosi pamakumbuka. Akatero ndimawakhazika pafupi, timasenda nsungwi limodzi mpaka zidutse. Kudya amadya, kuseka amaseka, ndipo mdzukulu wathu woyamba anamuimbira nyimbo za machila mpaka mwana kugona.

Anthu amakanganabe za mankhwala amenewa. Che Sumaili mpaka lero amati Boma libweze mabotolo m'masitolo. Achimwene amati ogulitsa ndi akumwa omwe azimangidwa. Ine sindinapite kusukulu, koma ndinaona botolo limodzimodzilo m'manja osiyanasiyana. Adona ankafuna machila asaime. Wa sitolo ankafuna wogula abwerenso. Wakuba sankasamala kaya munthu adzuka. Adiresa okha ndiwo ankafuna munthu akhale moyo ndiponso botolo lithe. Ndiye musandifunse ngati mankhwalawo ndi oletsedwa kapena ololedwa, ndifunseni kuti ali m'manja mwa yani. Ndipo pa anthu onse amene anakamba za kumanga, sindinamvepo ndi mmodzi yemwe akutchula amene anayamba kudontheza. Galimoto yawo imadutsa pamsewu, ife n'kumapatuka ndi madengu athu.

Tsono inu amene muli ndi munthu wotere kunyumba, mverani. Mukaona akuyasamula ndi kutuluka misozi popanda chimfine, akuzizidwa dzuwa likuwala, kenaka n'kuchira msangamsanga akangomwa kanthu kena, musataye nthawi ndi masamba a bulugama ngati ine. Musadikire kuti mbuzi ithe. Musabise chifukwa cha manyazi, ndipo musamumange. Pitani naye kuchipatala adakali ndi mphamvu zoyenda yekha, mutenge ndi botolo lomwe, mukanene zoona zonse. Ngati wakhala nthawi osamwa, muuzeni lero lomwe kuti muyeso wake wakale ukhoza kumupha. Akagwa, mudzutseni mubwerere naye, si mapeto.

Achimwene timalankhulana, maliro timayendera limodzi. Chaka chilichonse amandikumbutsa kuti khomo lili lotsegula, ndingonena mawu amodzi okha. Mawu amenewo sindidzanena, chifukwa ndikanama m'nyumba ya Mulungu. Tsiku la Mgonero ndimatuluka ndi ana n'kukhala panja paudzu. Akazi a malemu a Pensulo amatsala m'kati, ndipo sindiwanena, anachita zimene anauzidwa ndi anthu amene ankawakhulupirira. Tikaweruka timayendera limodzi mpaka pamphambano. Iwo amakhotera kunyumba yopanda wowafunsa kumene achedwa. Ine ndimapita kukakangana ndi amuna anga, amene amakhala atamwaza zinyalala za nsungwi pabwalo lonse limene ndasesa m'mawa.